Ukwati wa Kettie Tiuchite Liti, Bwana Dziwazonse?

Kwa Bwana Dziwazonse,
Oyang'anira chipatala chathu chaching'ono cha kuseri kwa msika.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndaomba m'manja, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire pokuitanani ndi dzina limene anthu anakupatsani kunja kuno. Lanu lenileni sitilidziwa, poti timangoona galimoto yanu ikamadutsa, magalasi atakwezedwa kuopa fumbi lathu. Ine ndine Benedeta, mlimi wa fodya ndi mtedza wa m'dera la Nsaru, mkazi wa a Stanislaus amene akhala akudwala m'mimba chiyambire mvula yathayi. Ndalemba kuti ndikuthokozeni. Chimwemwe chandikwana moti ndikapanda kulemba ndiphulika ngati mbuliwuli.

Nkhani yake ndi yaing'ono, yosayenera n'komwe kufika pa tebulo lanu. Mwana wathu Kettie akukwatiwa ndi Misheck wa ku Kasiya. Ankhoswe anagwirizana kuti ukwati udzakhale mu Okutobala, fodya atagulitsidwa, ndipo bambo akewo salota china koma kudzamugwira dzanja mwana wawoyo n'kumufikitsa ku guwa. Funso lathu lakhala limodzi: kodi tidikire Okutobala, kapena tiufulumizitse ukwatiwo bambo ake akadali ndi mphamvu zoyenda? Pa funso limeneli chipatala chanu chatithandiza mopyola muyeso. Ndiloleni ndiyale zithokozo zanga chimodzichimodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu lokoma lija loti wogwira ntchito pachipatala panu asamayerekeze kuuza wodwala kuti “sindikudziwa”. Tinamva kuti munati mawu amenewo amafoola anthu ndiponso amachotsera chipatala ulemu, choncho wodwala aliyense azituluka ali ndi yankho m'manja. Bwana, lamulo lanulo likugwira ntchito! Ifeyo sitinabwerepo chimanjamanja. Ulendo woyamba anatiuza kuti ndi malungo, basi, palibenso zina. Ulendo wotsatira, zilonda za m'mimba, basi. Kenako njoka za m'mimba. Kenako anati bambowa akungoganiza kwambiri. Mayankho onsewa anatuluka mwamphamvu, osatsokomola, osakanda kumutu. Anzathu ena amadandaula kuti sadziwa chimene akudwala, koma ife kwathu matenda tawadziwa ambiri mpaka ena tingathe kugawirako aneba.

Chachiwiri, ndipo apa ndikulemba ndikuseka mpaka misozi, zikomo chifukwa cha maliro amene munatikonzera mwezi wa Epulo. Tsiku limenelo adokotala anu sanavutike n'kulankhula ndi mwini mimbayo, kapena ndi ine amene ndimamuchapira. Anatengera pambali alamu anga a Fletcher, akulu awo a amuna anga, n'kuwauza motsimikiza kuti odwalawo tipite nawo kunyumba chifukwa palibenso chochita. Inu mukudziwa kuti kuno uthenga wotere ukafika kwa mwini mbumba sugona. Lisanalowe dzuwa mafoni anali atalira ku Mpingu, ku Nambuma mpaka ku Namitete. Achemwali awo anafika ndi mphasa ndi zitenje zakuda. Bambo mfumu anabwera pa njinga yamoto kudzawadzoza mafuta a odwala. Kwaya ya mphakati wathu inasiya nyimbo za ukwati zimene inayamba kuyeserera, n'kutembenukira ku zamaliro. Chimera chimene ndinasungira ukwati wa Kettie tinachigayitsa kuti olira asadzakhale kukhosi kouma.

A Stanislaus nawo, poona khamu lonselo litawazungulira ndi nkhope zogwa, sanafune kuchita kuuzidwa. Anagawa zawo mwaulemu ngati mkhristu. Njinga anapatsa mphwawo. Wailesi anapatsa achemwali awo aakulu. Jekete la suti, limene anasoketsera ukwati wa mwana wawo, anapatsa a Fletcher. Atatero anatseka maso n'kuyamba kudikira.

Anadikira, Bwana, ife tikudikira nawo. Kenako Lamulungu lina m'mawa munthu uja anadzuka, anasukusula, n'kufunsa kuti njinga yawo ili kuti chifukwa achedwa ku Misa. Thobwa la maliro tinamwa ndithu, mwini malirowo akuthandiza nawo, ndipo anadandaula kuti shuga wachepa. Lero njinga yawo amachita kubwereka kwa mphwawo, amene amawachenjeza kuti asaiyendetse m'minga. Jekete lija a Fletcher anakaonekera nalo kale ku zinkhoswe ziwiri ndipo akuti chopatsidwa ndi munthu amene akutsazika sichibwezedwa, ndi malaulo. Sindinasekepo chonchi chikwatiwire, ndipo zonsezi ndi chifukwa cha inu.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha kuchira kwawo. Titabwerera kuchipatala kwanu ndi munthu woyenda yekha, adokotala ena anawaomba paphewa n'kunena kuti achira kotheratu, ukwati tikhoza kuuchita ngakhale chaka chamawa. Ndinaimba nthungululu pakhonde lanu lomwelo. Tinauza ankhoswe kuti Okutobala akhale Okutobala, ndinaviikanso chimanga cha chimera china, ndipo kwaya inabwerera ku nyimbo zake zoyamba. Sipanapite nthawi, a Stanislaus tinawapeza atagwa m'chigafa akumanga fodya, mimba itatupa kuposa kale. Masiku ano amayi a kwaya akakumana nane panjira amayamba andiyang'anitsitsa kumaso asanandipatse moni, kuti adziwe nyimbo zoti akayeserere Lachinayi.

Chachinayi ndicho chachikulu. Zikomo, Bwana, chifukwa chotichotsera adokotala achitsikana aja, a Lilian. Anali munthu woopsa. Titalowa m'chipinda chawo, anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi a Stanislaus eniake, osati ndi alamu anga, ine ndili pomwepo. Anawapima mofatsa, n'kunena poyera, dzuwa likuswa mtengo, kuti sakudziwa. Anati mwina ndi chifuwa chachikulu cha m'mimba, chimene chimachizika munthu akamwa mankhwala mokhulupirika. Anati mwinanso ndi chiwindi, ndipo mwina ndi khansa, koma zipangizo zosiyanitsira zimenezi pamalo pano palibe, n'chifukwa chake atitumiza ku tauni. Anatiuzanso zizindikiro zoti tikaziona tisadikire kuti kuche bwino kapena kuti mwini mbumba avomereze, tingothamanga. Nditawafunsa za ukwati, anati sangatilonjeze Okutobala ndipo sangatilandenso Okutobala, koma akanakhala bambo awo, iwo sakanadikira.

Taonani kuipa kwake, Bwana! Amuna anga, amene ulendo uliwonse ankatuluka m'chipatala chanu ali ndwii ngati alandidwa munda, tsiku limenelo anatuluka akuseka. Anandiuza panjira kuti aka kanali koyamba kupeza munthu wovomera kuti ali nawo limodzi mumdima, m'malo mowakuwira ali patali kuti kwacha. Anadya bwino, anagona tulo, ndipo m'mawa mwake anaitana Kettie n'kucheza naye nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango. Zimene anakambirana sindinafunse. Ndiye titamva kuti mwawasamutsira kutali a Lilian chifukwa chofoola odwala, tinati indedi Bwana amaona patali. Mukanawasiya, bwenzi anthu onse a kuno atazolowera kuuzidwa zoona, ndipo chizolowezi chimenecho n'chovuta kuchisiya.

Ku tauni tinapita. Anawatenga kanyama kakang'ono m'mimbamo n'kutiuza kuti zotsatira zidzadzera kwa inu, ndipo zikhoza kuchedwa. Chibwerereni, ndikafunsa pachipatala panu amandiyankha mwansangala kuti zonse zili bwino, tisadandaule, maso ali pakhoma. Sindidziwa ngati zotsatirazo zinafika, kapena zikadali panjira, kapena zinafika koma zikusowa munthu wololedwa kuzifotokoza monga zilili. Chomwe ndikudziwa n'chakuti lamba wa a Stanislaus taboolanso chibowo china.

Pano ndileke kaye kuseka. Ndikuopa, Bwana. Ndikuopa kwambiri. Ndikuopa kuti ndikafulumizitsa ukwati, amuna anga aona ngati nanenso ndawagawira kale katundu wawo kachiwiri, ndipo mtima wawo ugwa. Ndikuopanso kuti ndikadikira, mwana wanga adzayenda yekha m'tchalitchi muja akuyang'ana pansi. Sindinapemphe aliyense kuti andilosere za mawa, poti za mawa ndi za Mulungu. Ndinkangofuna munthu wondiuza chimene akudziwa, chimene sakudziwa, ndi tsiku limene mwina angadziwe, kuti zotsalazo tizisenze tokha ndi maso otsegula. Ife alimi mawu oti “mwina” sitiwaopa. Chaka chilichonse timafesa nazale ya fodya kumwamba kulibe ndi mtambo umodzi womwe.

Koma izi ndi nzeru za munthu wa khasu, musazitengere. Vuto ndi lakuti ku parishi ukwati sungodzidzimutsidwa ngati mvula ya chizimalupsa. Uyenera kulengezedwa m'tchalitchi Malamulungu atatu otsatizana, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri akumana Loweruka likudzali kuti amange mfundo. A kwa Misheck akuti atsatira mawu a chipatala, ndipo mawu omaliza a chipatala chanu ndi akuti zonse zili bwino. Akundifunsa kuti nanga ine ndikuthamangira chiyani, eti ndaposa madokotala?

Tsono pempho langa ndi lochepa, loyenera munthu wochepa ngati ine. Ngati n'kotheka, tibwerekeniko a Lilian m'mawa umodzi wokha lisanafike Loweruka, adzakhale pakati pa ankhoswe n'kunena zimene anatiuza zija, kenako muwabwezere komwe munawabisako asanawononge anthu ena. Ngati zimenezo zingachotsere chipatala ulemu, ndiye bwerani nokha, Bwana, inu amene simunakayikepo chibadwire. Msewu wa kwathu galimoto imafika. Mudzakhale pamphepete pa bedi la a Stanislaus, mudzawayang'ane m'maso, n'kuwauza ndi pakamwa panu kuti Okutobala adzamuona ali chilili. Mukatero ine nditseka pakamwa, ndipo ukwati ukhala pomwe uli.

Kungoti ndikupempheni chinthu chimodzi chokha pamwamba pake, mwaulemu wonse. Tsiku la ukwatilo mudzalisunge, musadzapite ku msonkhano. Zikadzachitika kuti pakhomo la tchalitchi Kettie waima atavala zoyera koma womugwira dzanja palibe, tidzatuma munthu kudzakutengani. Mudzamuyendetse ndinu mpaka ku guwa, ndipo panjirapo mudzamufotokozere motsimikiza kumene kuli bambo ake.

Ine wanu wosadziwa kanthu,

Benedeta, mkazi wa a Stanislaus,
Dera la Nsaru, Lilongwe.