Makina Anga ndi Galimoto ya Bambo a Lute

Lolemba

Ndafika kuchokera ku msonkhano wa amayi a mpingo ku pulazi ya kutsidya, mapazi atatupa. Pakhomo panga pagona chinthu chobiriwira. Galimoto. Ana a komboni yonse aunjikana, ena akudziyang'ana pagalasi, wina akunyambita chitseko, kaya akuyesa shuga.

Bambo a Lute aima pambali atavala jekete la kutchalitchi, Lolemba lenileni. Akuti, "Mayi a Lute, zoyenda pansi zatha."

Ndalowa m'nyumba kukatula mtolo. Pakona pamene pamakhala makina anga osokera palibe kanthu, pangotsala timaenje ta miyendo yake padothi.

Nkhani yake ndi iyi. Bonasi ya fodya sinakwane, ndiye anawonjezerapo makina. Makina amene ndinagula ndekha, ndi ndalama zosokera zigamba za maovolosi a komboni yonseyi, zaka ndi zaka. Wogulitsa ndi Mandevu, munthu wa ku tauni ya Sinoya amene amabwera nyengo ya bonasi n'kuimika magalimoto otopa pabwalo la sitolo ya pamphambano yopita ku Tengwe.

Ndafunsa kuti anaisankha bwanji. Iwo ndi kapitawo wa shedi yosankhira fodya, ndiye anaisankha ngati tsamba. Anaisisita, ananunkhiza mipando, anayang'ana mtundu wake padzuwa. "Giredi yoyamba." Kutsegula kutsogolo kuti aone injini ayi, akuti kumeneko n'kusakhulupirira mnzako.

Zimene akulonjeza:
- Khirisimasi kumudzi ku Dedza, poti ino ndi nthawi ya Chitaganya, misewu ndi ya tonse
- ine kutsogolo, nditavala duku yatsopano
- achimwene awo amene amawanena kuti ndi mtchona adzatitsegulira chitseko

Ndati ailize ndimve. Akuti yatopa, yayenda ulendo. Mai Roza, mnansi wanga wa ku Tete, andinong'oneza kuti kuchokera pamlatho mpaka pano anachita kukankha anyamata a m'shedi. Andifunsanso za diresi ya ukwati ya mwana wawo, imene ndinadula kale ndipo ikufunika kumapeto kwa mwezi. Ndawalozera timaenje tija pakona.

Sindinaphike. Adye galimoto.

Lachiwiri

Mamawa, chitsulo cha ntchito chisanalire, ali kale pa handulo yolizira injini. Apukusa, apukusa, mpaka jekete lang'ambika kukhwapa. Abwera nalo kwa ine kuti ndisoke. Ndawafunsa kuti ndisokere chiyani.

Ataweruka, kukankha. Amuna onse a komboni, kuchokera pamjigo mpaka pabwalo la mpira, n'kubwereranso. Yatsokomola kamodzi, yaponya utsi wakuda kumaso kwa mkulu wa mpingo, yakhala chete. Kenako fungo la phala lopserera. Amayi onse athamangira kumakhitchini kwawo kuyesa ndi kwawo kwapsa.

A Juwawo, amuna a mai Roza, amene amayendetsa thirakitala, atsegula kutsogolo. Zopezeka:
- mgaiwa m'thanki ya madzi, wotsekera modontha
- utuchi mu giya, kuti isamalire kwekwekwe
- sopo womatira ming'alu, utoto pamwamba
- waya wa mpanda paliponse pamene pamayenera kukhala bawuti
- chisa cha mbewa, eni ake alimo

Bambo a Lute akuti galimoto za m'tauni zimatenga nthawi kuti zizolowere mphepo ya kupulazi.

Ndakwiya moti ndalephera kulowetsa ulusi pa singano ya manja. Mawa ndikupita ndekha.

Lachitatu

Pansi mpaka pamphambano. Fumbi lafika m'mano.

Makina anga ndawaona ndili patali. Ali pakhonde la sitolo, pakati pa njinga ndi magalamafoni a anthu ena opusitsidwa. Wina waikapo kapu ya tiyi pathabwa lake. Misozi yalengeza. Ndachotsa kapuyo, ndapukuta ndi duku.

Mandevu ndi munthu wansangala, zimene zandikwiyitsa kwambiri. Chishona pang'ono, Chinyanja pang'ono, Chizungu akafuna kukuopseza. Akuti, "Amai, musatye, musaope. Ine ndimagulitsa zinthu zoyenda. Inachoka pano ikuyenda, anthu anaona."

Ndamuwerengera zonse, mgaiwa, utuchi, sopo, mbewa, ndikukweza mawu kuti onse a pakhonde amve. Ndati ngakhale nsomba ikakhala yowola timabweza kwa mwini wake, nanji chitsulo chachikulu chotere. Anyamata awiri amene amasisita galimoto yofiira abweza manja m'matumba. Mandevu waona zimenezo, kumwetulira kwachepa.

Akuti, "Bwerani nayo pano. Ikakana kulira pamaso panga, tengani makina anu. Koma Loweruka dzuwa likafika pamutu lole yanga ikunyamuka, zonsezi zikupita ku Sinoya."

Ndamuuza abwereze pamaso pa mwini sitolo ndi amayi ogulitsa mtedza. Wabwereza.

Pobwerera ndikuimba nyimbo za kutchalitchi. Ntchito yake ndi yophweka. Galimoto yakufa ikhalebe yakufa mpaka Loweruka, ndipo ine ndipeze choikokera.

Lachinayi

Kukampu ya polisi, kuti boma likhale kumbuyo kwanga.

Wapolisi akufunsa, "Anakuberani?" Kunena zoona, ayi. "Anakumenyani?" Ayi. "Ndiye mwadzatani?" Ndafotokoza bwinobwino. Akuti nkhani ya galimoto adandaule ndi mwini galimoto, ndipo makina a mkazi wokwatiwa ndi a mwamuna wake. Ndafunsa ngati mwamuna wangayo anasokapo ngakhale batani. Sanaseke. Wanyambita pensulo n'kufunsa, "Amuna anuwo laisensi ali nayo?"

Ndakumbukira mwadzidzidzi kuti ndasiya nyemba pamoto.

Madzulo, kwa mzungu wa pulazi kukapempha thirakitala. Waseka mpaka galu wake wayamba kuuwa. Thirakitala ayi. Ng'ombe zokoka nkhuni za kumabalani oumitsira fodya, Loweruka, inde, bola zibwerere msanga.

Bambo a Lute sakundilankhula. Auza Lute kuti andiuze kuti ndawachotsa ulemu, kapitawo wathunthu mkazi wake n'kumayenda m'makampu. Ndauza Lute awauze kuti ndiwo zili mumphika.

Lachisanu

Tsoka langa. Komboni yonse yaganiza zoikonza.

Chilalikire abusa za kukonda mnzako sindinaonepo anthu ogwirizana chonchi. Aliyense wabwera ndi chake:
- a Juwawo abwereka batire ya thirakitala, akuti mzungu sadziwa
- wakukhitchini kwa mzungu wabweretsa mafuta a mfuti
- wina wathira kachasu m'thanki, theka, theka linalo wadzithira yekha
- mkulu wa mpingo waisanjika manja

Popemphera ndatsinzina nawo, koma ine ndimapempha zosiyana. Mulungu asankha yekha womumvera.

Tsiku lonse ndakhala pamtondo pafupi ndi tayala, ndikusenda mtedza, ndikulondera kuti isachire. Ikangotsokomola mtima wanga uli phaphapha. Ikakhala chete ndimapuma. Munthu wamkulu ine, kumadikirira chitsulo ngati wodwala, n'kumafuna kuti asadzuke.

Mai Roza abwera ndi mchenga m'chitini cha jamu. Akuti, "Comadre, mnzanga, pang'ono chabe, pamene amathira petulopo. Sidzaliranso mpaka Yesu adzabwere." Ndakana. Ndati ine ndine wa mpingo, mlandu wangawu ndi woyera, sindiudetsa ndi chinyengo ngati Mandevu. Mai Roza akhuthula mchengawo pansi, atenga chitini chawo.

Dzuwa lalowa isanalire. Amuna abalalika mitu ili pansi. Ine ndakazinga mtedza, ndagawira aliyense.

Bambo a Lute avomera zoibweza. Anena motsitsa mawu, akuyang'ana kumbali. Ndawamvera chisoni pang'ono, ndawasokera jekete lija pamanja.

Loweruka

Ng'ombe zinayi, tcheni, galimoto pambuyo. Bambo a Lute pachiwongolero, jekete, chipewa. Ine pansi, chifukwa sindikwera chinthu chimene chinadya makina anga. Pambuyo pathu theka la komboni, ngati maliro a munthu wotchuka.

Njira yonse bwinobwino. Ng'ombe sizinadandaule. Dzuwa likadali m'mbali.

Tafika pamwamba pa chitunda chotsikira kusitolo. Pansipo anthu ali mbwee, poti ndi Loweruka, a mapulazi onse, ena a iwo anyamata amene bambo a Lute amawakalipira m'shedi. Aimitsa ng'ombe. Akuti, "Mayi a Lute, ndichitireni chimodzi chokha. Ndisalowe pagulu paja ndikukokedwa ndi ng'ombe. Pano m'potsetsereka, ingotsika yokha." Nkhope yawo inali yomvetsa chisoni. Ndalola. Woweta wamasula tcheni, watembenuza ng'ombe zake kubwerera kupulazi monga ananenera mzungu.

Yayamba kutsika mwakachetechete, matayala okha akulira pamiyala. Ine pambuyo, ndikuganiza kale za amene andithandize kusenza makina.

Pakati pa chitunda ndaona phewa lawo likugwedera. Dzanja lapita pa giya. Akuti lapita lokha.

Yatsokomola. Yatsokomolanso. Kenako yabangula, mayo, kubangula kwenikweni, utsi mpaka kumitengo.

Ndathamanga ndikukuwa kuti azimitse. Iwo osamva, kapena osafuna kumva. Alowa pabwalo la sitolo akuliza hutala, azungulira, azunguliranso, chipewa chili kunja kwa zenera. Anthu akuomba m'manja. Amuna a komboni yathu akukumbatirana, aliyense akuti ndi mankhwala ake agwira. Chikwatiwire sindinawaonepo bambo a Lute akusangalala chotero, ngakhale tsiku limene Lute anabadwa.

Aima patsogolo penipeni pa Mandevu, injini ili ndindindi.

Mandevu sanalankhule zambiri. Akuti, "Amai, maona mega. Mwaona nokha." Ndayang'ana mwini sitolo, wakweza mapewa. Ndayang'ana amayi a mtedza, akuti, "Yalira, mayi, tinganame bwanji."

Akweza njinga, akweza magalamafoni. Makina anga akweza pomaliza, chagada, miyendo ili m'mwamba. Ndawauza kuti sanyamulidwa choncho, mafuta amatayikira pa shatulo ya ulusi. Mnyamata wa lole wawatembenuza bwino, wawamanga ndi chingwe. Ndamuthokoza. Tangoganizani, ndamuthokoza.

Lole yanyamuka. Fumbi lake lisanathe, galimoto yathu yazima yokha. Handulo, ayi. Kukankha, ayi. Ng'ombe zinafika kale kukhola.

Tabwerera pansi, iwo kutsogolo, ine pambuyo. Pamlatho atembenuka n'kunena kuti, "Koma munaimva mmene imalirira?"

Ndaika manja kumbuyo kuti ndingawakankhe. Mtsinje unali pafupi kwambiri.

Lamulungu

Bambo a Lute alawirira kusitolo ndi mpando ndi botolo la tiyi, kukalondera galimoto kuti anthu angabe matayala. Mwini sitolo akuti ichoke pabwalo pake. Mzungu wakana kutibwerekanso ng'ombe, akuti ng'ombe zake si basi yokwera aliyense.

Mai Roza sanandinene. Angondipatsa moni, maso awo ali pachitini cha jamu chimene chili pakhonde pawo. Ndikanathira. Mulungu andikhululukire, lero ndi tsiku lake, koma ndikanathira chitini chonse.

Kutchalitchi, pa nyimbo yachiwiri, mayi wokhala pafupi nane wandigwira bondo n'kundifunsa ngati ndikumva malungo. Ndayang'ana pansi. Mapazi anga onse awiri akupalasa okha pansi pa benchi ngati ali pamakina, chidendene, zala, chidendene, zala, akutsata nyimbo. Ndawaletsa. Vesi lotsatira ayambanso. Ndawasiya, ndipo ndalira pang'ono, anthu ayesa ndi ulaliki.

Madzulo ndatulutsa diresi ya ukwati ija, ndakhala pakhomo powala, singano ndi ulusi m'manja. Mpendero wake wokha ndi wautali ngati msewu wa ku Karoi. Mkwatibwi wabwera kudzafunsa ngati itha mwezi usanathe.

Ndamuuza akhale pansi agwire mbali inayo.