Nankafumbwe wa mu Kompyuta ya Alimi a Mpunga

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchula ndi maudindo awo, kuti wokayika akafunse yekha. Analipo a Tcheyamani a chipani m'dera lathu, Bambo Lifa Chisambo. Analipo Mayi Asiyatu Abiti Mwinyi, mlembi wa pa ofesi ya alimi a mpunga pa boma pano pa Nkhotakota. Ndinalipo ine, Elifala Kamchacha, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu amene bodza ndinalisiya ndili sitandade wani amishoni atandikwapula m'manja. A Tcheyamani anatisiya kale, koma Abiti Mwinyi alipo, pitani mukawapeze pakhonde pawo. Inu a Rajabu, poti mumakonza mafoni pamsika, mwati kachilombo ka m'makina sikaoneka ndi maso? Chotsani chotokosera m'kamwacho, mukhale bwino. Ine ndinakagwira ndi manja awa.

Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani m'thumba. Mlangizi wina wachizungu pobwerera kwawo anasiyira ofesi ija kompyuta, chibokosi chotuwa cholemera ngati thumba la mpunga wosapuntha, galasi lake lolemba zobiriwira. Anthu ankaiopa, ankaifunditsa nsalu ngati maliro. A komiti ya alimi anandipempha ine kuti ndikhale woyang'anira wake, chifukwa m'boma lonse ndine ndekha ndinkawerenga magazini a makompyuta amene ankandipeza pa sitima ya panyanja atakalamba kale miyezi isanu ndi umodzi, masamba ena atakulungirapo kale nsomba.

M'magazini amenewo ndinaona kumene dziko likupita. Ndinkawauza anthu kuti makina awa akuchepa chaka ndi chaka ngati sopo, ndipo tsiku lidzafika loti msodzi wa ku Ngala adzafunsa kabokosi ka m'thumba mwake ngati mwera ukubwera, ndipo mwana wa mlimi adzaphunzira masamu kwa mphunzitsi amene ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Ankati mkuluyu wayamba kubalalika mutu. Pisani m'matumba mwanumo lero, mundiuze wobalalika anali ndani.

M'magazini momwemo ndinawerenganso za tizilombo timene timayenda pa madisiki kuchoka m'makina ena kulowa m'makina ena. Choncho ndinalemba lamulo ndi dzanja langa n'kulikhoma pakhoma: kompyuta ndi nkhokwe, ndipo mbewu yosadziwika kumene yachokera siilowa m'nkhokwe. Disiki ya mlendo, kaya mlendoyo ndi bwanamkubwa, inkathera pakhomo. Madisiki athu ndinawamata tonse timabowo ta m'mbali kuti pasalembedwe kanthu mwakuba, ndipo wofuna kukhudza mabatani ankayamba wandionetsa zikhadabo. Wophunzira wanga weniweni anali Abiti Mwinyi, mayi wamasiye wolera yekha ana anayi, zala zake zothamanga ngati mvula pa malata.

Tsono Loweruka lina kunkabwera nduna kudzatsegula nyumba yatsopano yosungiramo mpunga, ndipo Lachinayi m'mawa a Tcheyamani anafika kudzaona mawu olandirira alendo. Abiti Mwinyi anayatsa makina, mawu aja anaoneka pagalasi, mzere woyamba uli dzina la Mtsogoleri wa dziko ndi maina ake onse aulemu, osasiyapo limodzi. A Tcheyamani anavala magalasi. Pomwepo chilembo choyamba chinathothoka pa mzere uja n'kugwera pansi pa galasi, tho! Chachiwiri, tho! Kenaka zonse, waaa, ngati mango pa mphepo, n'kuunjikana pansi mulu umodzi.

"Abiti Mwinyi," anatero a Tcheyamani, mawu ali pansipansi, "dzina limeneli ligwe pansi ine ndikuona?"

"Wallahi, bwana Tcheyamani, sindinakhudze kanthu. Manja anga ndi awa, ali pamiyendo."

Inu ana a masiku ano mukhoza kuseka, koma masiku amenewo munthu ankapita chifukwa chokulungira usipa m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cholakwika, ndipo opita ambiri sankabwerako. A Tcheyamani anaitana achinyamata a chipani a malaya ofiira kuti aime pakhomo, n'kutumiza uthenga kuti galimoto ibwere kudzatenga Abiti Mwinyi. Ndinaona Abiti Mwinyi akuvula ndolo zawo n'kuzimanga pakona ya mpango kuti wina akapatse mwana wawo wamkulu. Apo ndinaimirira, n'kukonza tayi.

"A Tcheyamani, mayiyu sanalakwe. Muli nankafumbwe m'nkhokwe umu. Ndipatseni nthawi mpaka kumzikiti aitane swala ya Alasiri, pemphero la dzuwa litapendeka, ndikuonetsani wolakwa ali m'manja."

"Aphunzitsi, mukalephera, m'galimotomo malo alimo a anthu awiri."

Ndinatsegula chibokosi chija ndi kampeni kanga kosongolera mapensulo, ndipo zilembo zinakhuthuka, osati za mawu a nduna okha ayi, komanso maina a alimi onse kuyambira ku Mwadzama mpaka ku Kanyenda, mbewu zimene anabzala, madimba amene analima, zonse zinadzaza chipinda mpaka m'mawondo zikuphiriphitha ngati usipa wongovuula kumene, zina zikudumphira pazenera, zina zikulowa m'nsapato za a Tcheyamani, ndipo tambala wa mlonda anameza zilembo khumi ndi ziwiri nayamba kulira m'Chingerezi, koma poti anali tambala wakuda, chizindikiro cha chipani, panalibe wolimba mtima womuthamangitsa a Tcheyamani akuona, mpaka ine ndinachita kumuvulira chipewa n'kumupempha mwaulemu, ndipo anazilavula zonse mwa ndondomeko yake. Mukumva?

Ndinatumiza mawu kumadimba, ndipo amayi makumi anayi anabwera ndi malichero awo, Achisilamu ndi Achikhristu pamodzi, poti anamva kuti mnzawo akutengedwa. Ndinawaimika mizere inayi motsata msinkhu, n'kuyamba kupeta. Zilembo zolemera zinkatsala m'lichero, zodyedwa m'kati zinkauluka ngati mankhusu. Koma mwera unadzuka osapempha chilolezo, n'kunyamula mipumiro ndi mipatuliro yonse, timadontho tating'onoting'ono tija, kupita nato panyanja ngati mtambo wa nkhungu, tizilombo touluka tija timadya ndiwo, moti asodzi anaponya ukonde wa chilimira n'kubwera nato mabwato awiri odzaza, ndipo banja lina la ku Kanyenda limene linakazinga pang'ono poganiza kuti ndi ndiwo, mpaka lero limalankhula modukizadukiza, mawu awiri kupuma, mawu awiri kupuma. Mukuwadziwa, sindiwatchula.

Kupeta kunatha, koma kachilombo osaoneka. Dzuwa linali litafika pamutu. Apa ndi pamene sukulu ya azungu inathera, n'kuyamba ya amayi anga. Mayi aliyense wa kuno akudziwa kuti nankafumbwe sumusaka ndi zala. Umayanika mbewu padzuwa la masana, iye yekha amatuluka kuthawira pamthunzi. Tinayala mphasa kuyambira pakhomo la ofesi mpaka kudoko, n'kuyanikapo zilembo zonse. Ndinalamula mitengo ya mango kuti ibweze mithunzi yake, ndipo inamvera, poti yambiri ndinaibzalitsa ndine ndi ana a sukulu. Anthu onse ndinawagoneka chafufumimba kuti asachite mthunzi. M'boma lonse la Nkhotakota munatsala mthunzi umodzi wokha, wa chipewa changa, chimene ndinachiimika pa kamtengo pakati pa msewu.

Sipanapite nthawi. Pakati pa maina a alimi a ku Mwadzama panagwedezeka, kanatuluka, kakang'ono ngati nsabwe, koma poti kankadya zilembo m'njira monse, pofika pa mphasa yachitatu kanali ngati khoswe, pa yachikhumi ngati mbuzi, pofika pachipewa kanali ngati mwana wa mvuu, maso obiriwira, mano ali ndandanda ngati mabatani, kakubzikula maina a anthu, ndipo katangolowetsa mutu pansi pa chipewa ndinakagwira mchira, iko n'kuliyatsa liwiro, kundikoka pamchenga kudutsa madoko onse mpaka ku Ngala, kukhota, kubwerera nane, zidendene zanga zikulima ngalande imene anthu akubzalamo mpunga mpaka lero, ine osasiya, tayi osasuntha ngakhale pang'ono, ndikukawerengera malamulo khumi mokweza kuti kadziwe kuti kagwidwa ndi munthu wamtundu wanji. Mukumva, a Rajabu? Funsani ngalandeyo, ilipo.

Titafikanso pa ofesi ndinakuwa kuti, "Phulusa!" Amayi aja anathamangira m'makhitchini a pafupi n'kukathira phulusa monga tichitira m'nkhokwe. Kanayetsemula, kanaphwa, kanabwerera msinkhu wake wa nsabwe, ine n'kukatsekera m'botolo la inki.

Zinatsala zilembo. Anthu ankati zitenga chaka kuzibwezera. Anaiwala kuti ndaimikapo ana mazana asanu ndi atatu pa asembule popanda wotsokomola. Ndinaliza wezulo kamodzi, zilembo zonse zinaimirira. Ndinaliza kachiwiri, zinapeza mizere yake, zazikulu patsogolo, zazing'ono pambuyo, n'kuguba ziwiriziwiri kulowa m'chibokosi chija, chimodzi chokha chaulesi ndicho chinalawa rula. Abiti Mwinyi anayatsa makina, dzina la Mtsogoleri linaoneka lathunthu ndi maina ake onse, litawala kuposa kale chifukwa chopetedwa. Nthawi yomweyo kumzikiti woitana swala anali akukonza kukhosi, ndipo galimoto inali itaima panja.

A Tcheyamani anakhala pampando pakhonde, botolo lili patebulo, anthu atazungulira. Anagogoda botolo lija ndi chala.

"Iwe, khadi lako lili kuti?"

Kachilombo duu.

"Mwaona nonse. Kalibe khadi. Ndi kachigawenga." Anthu anaomba m'manja, ine ndinayamba kupukuta thukuta poganiza kuti zatha. Koma a Chisambo sanali munthu wopusa. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Chigawenga sichilowa m'mudzi popanda wochitsegulira chitseko. Aphunzitsi atiuza okha kuti kameneka kamayenda pa disiki. Amene amakhala pa makinawa tsiku lonse ndi Abiti Mwinyi. Mayi, disiki yachilendo munaitenga kuti?"

Achinyamata aja anasendera pafupi. Abiti Mwinyi anangondiyang'ana ine kamodzi, n'kuyang'ana pansi. Ankadziwa. Lachisanu lina pobwera kuchokera ku swala ya Ijuma anandipeza ndikuzimitsa makina mofulumira, ndipo sanauze munthu.

Kulimbana ndi chilombo chija kunali kopepuka, ndikuuzeni. Cholemera chinali kuimirira pamenepo. Ndinaimirira.

"A Tcheyamani, disikiyo ndinalowetsa ndine. Anandipatsa mnzanga wina wa ku Blantyre amene anadutsa pa sitima. Lamulo lili pakhomalo ndinalemba ndine, ndipo ndinaliswa ndine."

"Munali chiyani pa disikipo, Aphunzitsi? Nyimbo za mpingo?"

"Masewera."

"Masewera anji?"

"A makhadi."

Ine, amene ndinang'amba makhadi a njuga a ana a sukulu zaka makumi atatu, amene ndinaimitsa anthu pa mgonero chifukwa cha makhadi omwewo, Lachisanu lililonse masana ndinkatseka chitseko n'kumasanja mafumu ndi mafumukazi pagalasi, ndekhandekha, ndipo makinawo ankandigonjetsa. Mayi a kunyumba kwanga, amene anali pakati pa opeta aja, anagwetsa lichero. Shehe wina wachikulire anayamba kuseka, kuseka kunafalikira mpaka kwa a malaya ofiira, ndipo a Tcheyamani anaseka mpaka kutsamwa. Munthu amene waseka chotero sangakwezenso mnzake m'galimoto.

N'chifukwa chake ndimakuuzani, inu a mafoni, kuti makina alibe mlandu. Ndi chinthu chabwino, ndipo adzakuchitirani zazikulu kuposa zimene ine ndinalota. Chilombo sichithyola chitseko. Amachitsegulira ndi mwini nyumba, ndipo kawirikawiri ndi uja amene amakhulupirira kuti iye yekha sangapusitsidwe.

Chigamulo chinali chotere. Kachilombo, poti kanalibe khadi, kakwere galimoto ija m'botolo lake momwemo, kakayankhe kutsogolo. Abiti Mwinyi alibe mlandu, avalenso ndolo zawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo makiyi a chipinda cha kompyuta asunge ndi iwo. Ine Elifala Kamchacha ndisakhudze mabatani chaka chathunthu, ndipo ndikafuna kulowa mu ofesi ndiziima pakhomo, mlonda azindipisa m'matumba pamaso pa Abiti Mwinyi. Za makhadi ndikaziulule ndekha kumpingo Lamulungu likudzalo.

Abiti Mwinyi anavomera, n'kulandira makiyi ndi manja awiri. A komiti anavomera. Ampingo anamva kuulula kwanga, nawonso anavomera. Ine ndinavomera, chifukwa chigamulo cholungama sichikanidwa, ndipo chaka chonsecho ndinaima pakhomo paja m'mawa uliwonse, matumba ali kunja. Amene sanavomere mpaka lero ndi mayi a kunyumba kwanga. Iwo akuti chaka chimodzi chinachepa.