Vuto Lathu Linali Mbuzi

Usiku wathawu ndinalota vuto lathu litathawa, ndipo inu awiri, iwe Zione ndi iwe Msatero, munalimo m'malotomo, choncho musaseke kwambiri. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndakudzutsirani mmamawa n'kukukwezani minibasi musanamwe ndi tiyi yemwe. Mverani, tisanafike pa siteji mukhala mutadziwa.

Mukudziwa mmene ndinagonera. Lachisanu tikuyenera kukaima pamaso pa a Dokotala Kanjala kufotokoza pulojekiti yathu, ndipo lamulo lawo ndi lija amalibwereza ngati pemphero: injiniya sayambira m'buku, amayambira pa vuto lenileni la anthu enieni, ndipo gulu lopanda vuto libwereza chaka. Ife vuto tinali nalo, lonona bwino: ana a kwa Chikuse kuwoloka mtsinje wa Nachiwale mayunifolomu ali pamutu. Tinaliyeza, tinalijambula, tinalikonzera ulalo wokongola pakompyuta. Ndiye dzulo tapita kukatola zithunzi zomaliza, tapeza eni ake atatopa kutidikira, atayala mitengo ya bulugamu ndi matabwa, ana akudutsa akuimba. Ndinagona nditakwiyira anthu chifukwa chodzithandiza okha.

Ndiye m'malotomo vuto lathu linali mbuzi. Mbuzi yeniyeni, yamawangamawanga, titaimangirira kumwendo wa desiki mu labu. Iwe Zione unkaidyetsa mapepala a masamu, iyo n'kumatafuna mwaulemu, n'kumalavula okhawo amene anali ndi ansala zolakwika. Mwadzidzidzi inadula chingwe n'kudumphira pawindo.

"Gwirani vuto!" unakuwa iwe Msatero, uku ukuthamangira ku kafeteriya.

Ndiye ndinaithamangitsa ndekha, laputopu ili kumsana, tepi yoyezera ili m'thumba. Tepiyo inali ndi pakamwa. Tikadutsa mtengo, "Bwana, ndiyeze?" Tikadutsa galu, "Bwana, ndiyeze?" Ine n'kumati, "Osati pano."

Mwadzidzidzi msewu unasanduka msika, koma msika wa mavuto okhaokha. Anzathu a m'kalasi aliyense atagwira lake pachingwe: uyu akukoka chimbudzi cha sukulu chopendekeka, uyo wabereka chigayo chotsokomola. Pakona panali mjigo wakufa utakhala mwendo pamwamba pa unzake. Ndinagwada, ndinawomba m'manja.

"Odi, a mjigo. Simungakhale vuto langa mpaka Lachisanu lokha?"

"Wachedwa, aise," unatero mjigo. "Magulu atatu andifunsira kale mbeta. Chaka ndi chaka ana asukulu inu mumabwera, mumandisisita, mumandijambula uku ndi uku, mumapita. Ndine wotchuka ine. Wina akadzalakwitsa n'kundikonza, ndizidzacheza ndi ndani?"

"Bwana, ndiyeze?" inatero tepi.

"Osati pano!"

Ndiye ndinalowa pachitseko china chimene chinangoima chokha popanda nyumba, ndapezeka mu ofesi yogawa mavuto. Kuseri kwa tebulo kunali bwana wa tayi yobiriwira. Ndikuyamba kudandaula, kubiriwira kuja kunakwera kukhosi, kunafika kumakutu, maso anatuluka, ndipo pampando panatsala nanzikambe. Diso limodzi linkandiyang'ana ine, linalo linkayang'ana nkhuku yootcha imene inali pawindo.

"Mavuto a chaka chino atha," anatero. "Mubwere chaka chamawa."

"Bwana, nkhani yake ndi ya Lachisanu."

Anakweza mwendo umodzi kuti akandionere kusitolo. Mwendowo unakhala m'malere, osapita kutsogolo, osabwerera. Ndinadikira mpaka ndevu zinamera, zinachita imvi, zinathothoka. Kenaka anaponya lilime pansi pa tebulo n'kutulutsa sowo.

"Zikasowa zogawa, timapanga," ananong'ona. "Ine sindinakuoneni. Diso ili linali pankhuku."

Mwadzidzidzi ndinali pa Nachiwale, dzuwa likuswa mtengo, ulalo wa bulugamu uja utagona phee. Mumtengo wa mango munakhala a Dokotala Kanjala atavala suti yawo yakuda ija ndi kolala yoyera. Sanavutike n'komwe kusintha zovala. Anangotalikitsa mlomo, basi khwangwala.

"Vuto lili kuti? Vuto lili kuti? Khwaa!"

"Likubwera, sa."

"Zonena zimenezo zilibe malikisi! Khwaa!"

Pamwala pankachapa mayi Nachisale, apampando a komiti ya chitukuko aja amatipatsa chinangwa tikapita kukayeza. Anandiona, anapukuta manja pachitenje.

"Ainjiniya athu, mwatikumbuka? Ulalo wathu uja uli m'chikwamamo? Tautulutsani tiwolokepo."

Ndiye ndinatsekula laputopu n'kuikhutumula. Ulalo unagwa pansi, mbwee, wokongola zedi, nsanamira zake zowongoka, koma waung'ono ngati chipeso. Nyerere ina inakwerapo, inafika pakati, inabwerera ikudandaula kuti palibe pogwira. Mayi Nachisale anautola, anaupepesa fumbi, n'kuusomeka m'tsitsi.

"Wandikhala," anatero. "Mudzatipangirenso wa ku tchalitchi."

Apa sowo inayamba kundinyengerera ili m'manja mwanga. "Kucheka kawiri kokha, mphwanga," inatero ndi mano ake onse panja. "Kuno kamodzi, uko kamodzi. Vuto labwerera, digiri ili m'thumba, mayi ako akululutira kumudzi." Ndipo anzanga, ndinagwada. Ndinaika mano a sowo pamtengo woyamba.

"Ndagi!" unatero ulalo.

Mukundidziwa ine. Nyumba ingapse, koma munthu akati ndagi, ndimayamba ndayankha. Ndinaika sowo pansi.

"Gize!"

"Ndimagona pamadzi tsiku lililonse, koma kusambira sindidziwa."

"Bwato lobooka."

"Walephera."

"Mthunzi wa mtengo."

"Walepheranso. Zaka zinayi za sukulu zimenezo?"

"Ng'ona yaulesi."

"Ndine ndemwe, mbuli iwe," unatero ulalo. "Wabwera kawiri konse ukungondiyang'ana kumsana ngati wogula ng'ombe. Tasuzumira kunsiku."

Ndiye ndinatsetsereka ndi chigwembe n'kusuzumira. Mitengo ija inangosanjikidwa padothi, yopanda nsanamira, yopanda chomangira, ndipo dothilo linali likugumuka pang'onopang'ono ngati chigumu chouma.

"Bwana," inatero tepi ndi mawu otopa, "ndiyeze?"

"Yeza."

Inatuluka m'thumba ikulira ndi chimwemwe. Inayamba pamadzi, inadutsa ulalo, osaima, inakwerabe, mpaka inakagwira nthambi ya mango pamene panakodwa majumbo akuda ndi patapata mmodzi. Majumbo aja tinawaona tsiku loyamba lomwe, Zione, iwe n'kunena kuti akuipitsa chithunzi, tiwadule. Si mphepo inawapachika mmenemo. Ndi madzi a chaka chatha.

"Waona?" unatero ulalo. "Usavutike ndi kundicheka. Mvula yoyamba indinyamula ulere. Chimene sindikudziwa n'chakuti pa nthawiyo ndidzakhala nditanyamula ndani."

Mwadzidzidzi chinachake chinandinyambita khutu. Kutembenuka, mbuzi ija! Inali itagona kunsi kwa ulalo komweko, ikubzikula tsamba lomaliza la masamu athu.

"Ine sindinathawe," inatero. "Ndinangosamukira kunsi kuno. Inu mumandifuna kumene munandisiya."

Pamwamba pathu matabwa anayamba kugunda: ana akuwoloka pamzere, zikwama kumsana, wamkulu atagwira dzanja la wamng'ono, akuimba. Phazi lililonse likaponda, dothi linkayoyoka n'kundigwera m'khosi. Ndinafuna kukuwa kuti abwerere, koma pakamwa panga pankangotuluka manambala. Sowo nayo inachita manyazi, inabisa mano n'kusanduka rula.

Ndiye ndinagwira mbuzi ija nyanga, ndinaikokera poyera, n'kuikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Sa! Ili pano!"

"Lenileni?" anatero khwangwala.

"Lenileni, sa. Likununkha ndi kununkha komwe."

"La anthu enieni?"

"Ndi awo akuliponda pamutuwo."

"Khwaa!" anatero a Dokotala Kanjala, ndipo mitengo yonse ya m'mbali mwa Nachiwale inadzaza makwangwala a makolala oyera, maprofesa okhaokha, onse akuwomba mapiko. Anayamba mmodzimmodzi, pha, pha, pha, kenaka onse pamodzi. Ine ndinawerama kulandira ulemu, mtima uli m'malo, chaka chapulumuka. Nanzikambe anali akadali kukweza mwendo uja chapatali. Iwe Msatero unatulukira ndi mandasi awiri n'kufunsa ngati dzina lako lili pachikuto. Kuwomba kuja kunakulirakulira mpaka nyimbo ya ana ija inasiya kumveka, ndipo ndinayamba kudabwa kuti kuwomba m'manja kwa mtundu wanji kumene kumabwera ndi fungo la fumbi lonyowa.

Ndiye ndinatsekula maso. Kunja kukungoyera kumene, nthawi imene ana amayamba kusamba kuti azipita kusukulu, ndipo pamalata a kachipinda kanga panali pakugwa mvula yoyamba.