Lipenga Linandikana pa Manda a Sajeni Zuze

Inu apo, amene mukubisa mano kuseri kwa nkhafi, ndakuonani. Sekani poyera, musanamizire chifuwa. Bwato londiwolotsa kupita kwathu ku Nyachikadza silinafike, ndiye muli nane padoko pano mpaka nditamaliza, ndipo aliyense amene akuti Alufandika ndi wabodza asendere kutsogolo kuno andiyang'ane m'maso. Ndikudziwa kuti mbiri yanditsogolera kale, yoti nkhalamba ija yachita zamanyazi pa maliro a Sajeni Zuze Bingala kwa Mbenje. Zachitikadi, sindikana. Koma musanandimalize ndi phwete, mumve kaye chimene chifuwa ichi chinachitapo.

Zuze tinakulira limodzi. Bambo ake anachokera tsidya la ku Mozambiki atasenza mtolo wa mchere, nakwatira kwa Mbenje, osabwereranso. Usilikali tinalowa pamodzi tili anyamata osadziwa ndi kumanga komwe zingwe za jombo. Iye anamupatsa mfuti, ine anandipatsa lipenga, chifukwa tsiku lina ndinayetsemula pa perete, mbendera n'kutsika yokha pamtengo, mkulu wa asilikali n'kunena kuti mphepo yotere isamangotayika. Zuze atatuluka usilikali analowa upolisi, ndipo anaugwira mpaka imvi mbuu, lero ku Nsanje, mawa ku Chikwawa, nthawi zina kumalire kumene ngakhale njinga imakana kufika. Sanamenyepo munthu. Wakuba mbuzi ankamuyendetsa patsogolo, mbuziyo ataisenza yekha Zuze pamapewa kuti isatope, popeza iyo sinalakwe. Ine nditapuma ndinabwerera kumudzi ndi lipenga langa. Anachita kundipatsa, musayambe zonena.

Tsono chaka china Shire anakwiya. Mvula inagwa kumtunda, ife kuno dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzi anangotulukira masanasana kuchokera m'bango, kunyamula nkhokwe, makola, ndi tchalitchi chathu chaudzu chimene chinapita chikuyandama belu likulira. Mudzi wonse tinathawira pachulu chimodzi, anthu, mbuzi, nkhuku, ndi mayi anga amene anali atasiya kale kuona. Kenako mvula ija inatipezanso konko, yamadontho ngati maungu. Ndiye tikuona bwato likubwera, wopalasa ndi Zuze, ali mu yunifomu, chipewa chili chilili pamutu. Lisanafike pachulu mvuu inalimenya pansi, kuling'amba pakati ngati chinangwa chophika. Zuze anasambira, n'kukwera pachulu, n'kukonza chipewa. Anayang'ana madzi amene anali atafika m'mawondo mwathu, anayang'ana ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Shamwali, imba," anatero. Basi, mawu ake anali omwewo.

Mukumva? Ndinakoka mpweya, abale anga, ndinaukoka mpaka mitambo inatsika kudzandikhudza pamphumi, udzudzu wonse wa m'dambo la Ndinde unalowa m'chifuwa muno moti mpaka lero ndikatsokomola ndimamva kulira kwake, mabatani a malaya anga anathothoka n'kukapha abakha a m'madzi amene ankauluka pamwamba, ndipo nditaika lipenga pakamwa n'kuliwomba, mvula inang'ambika pakati ngati nsalu yakale, theka linathawira ku Mozambiki, theka linabwerera kumwamba kumene linachokera, Shire anaima chilili osadziwa kolowera, milamba ndi makakana zinadumpha m'madzi zitawambika kale ndi kutentha kwa mpweya wanga, ana n'kumangotola n'kumadya. Ndikunama ine? Mphezi indipeze pano.

Koma nyimbo imene ndinaimba inali yoitanira asilikali pa perete, poti ndiyo inabwera msanga pakamwa. Ndiye taonani, ng'ona zonse za mu Shire, kuyambira ku Chiromo mpaka kumalire, zinavuuka, zinathamanga, zinandanda pamzere, mphuno ya iyi pamchira wa inzake, kuchokera pachulu pathu mpaka kumtunda kouma, zitaumitsa misana ngati asilikali odikira bwana. Zuze sanadabwe. Anatenga ndodo yake, anayenda pamisana pawo akuyendera mzere monga sajeni, ina inayasamula, iye n'kuimanga unyolo pakamwa pomwepo chifukwa chonyoza wapolisi ali pantchito, ndipo ng'onayo inakagwira ukaidi kupolisi, kusesa pabwalo ndi mchira mpaka inatuluka chifukwa cha khalidwe labwino. Mukumva? Mudzi wonse unawoloka pamlatho umenewo, ine ndikuwombabe osapumira, chifukwa ndikanangosiya pang'ono ng'ona zikanati perete yatha.

Apa ndinene pang'onopang'ono. Amene sankatha kuyenda, Zuze anawabereka kumsana. Anabereka mayi anga, anabwerera, anabereka mayi wina amene anali atangochira kumene, khanda lili m'manja, anabwereranso, anapanira ana m'khwapa uku ndi uku. Jombo zake zinapita ndi madzi, mapazi anang'ambika, iye osaima. Womaliza kuchoka pachulu anali iyeyo. Funsani aliyense wachikulire ku Nyachikadza za msana wa Zuze, akuuzani.

Ndipo mawu a lipenga lija sanathere pomwepo ayi, anapita kukagunda mapiri a ku Thyolo, anasochera m'zigwa, anagonera kumeneko dzinja lonse, n'kudzabwerera nthawi yokolola, ndipo podutsa kwa Katunga anapuntha mapira onse ali m'munda, moti akazi a kumeneko chaka chimenecho anangopita ndi malichero kukapeta.

Chifuwa chake ndi chomwechi mukuchionachi.

Zuze atapuma ntchito anabwerera kwa Mbenje, n'kumalima thonje ndi mbatata ngati munthu wamba. Miyendo itayamba kutupa ndinkawoloka kukamuona. Ulendo womaliza ndinamupeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa nimu, ataonda, mawu akutuluka ngati a mwana. Anandigwira dzanja.

"Shamwali, tsiku langa likafika, asandiimbire mlendo. Udzaimbe ndiwe."

Ine ndinadziguguda pachifuwa. Ndinamuuza kuti ndidzawomba mpaka adzadzuka m'bokosi kuchita sawatcha. Anangomwetulira.

Uthenga utafika kuti watisiya, ndinatsitsa lipenga kudenga kumene linakhala zaka zambiri, ndinalikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka linawala ngati kalilole. Kuliyesa sindinaliyese. Mkango umayesa kubangula? Sindinaganize zoti mano amene ankagwira milomo iyi anatha kale, anatsala awiri okha, nawonso osayang'anana.

Kumanda kunali anthu ngati nyerere. Apolisi anabwera ndi galimoto, bokosi analikuta ndi mbendera, chipewa chake chili pamwamba. Anabweranso ndi wawo woimba lipenga. Abusa atamaliza pemphero, wapolisi woimba uja anasendera kutsogolo, ine n'kumutchinga ndi mkono. Ndikanangoimba mwakachetechete, mwina bwenzi pano ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma ndinayamba ndalankhula. Ndinauza khamu lonse kuti malemu anasankha ine. Ndinauza amayi kuti atseke ana m'makutu. Ndinauza adzukulu okumba manda kuti agwiritse makasu angauluke. Anthu anakhala chete, mkazi wa Zuze, mayi Fineza, anadzutsa nkhope kundiyang'ana.

Ndinakoka mpweya. Ndinawomba.

Chinatuluka ndi "pwiii", kamawu kakang'ono, konyowa, ngati mbuzi yaphwisa m'khola.

Ndinayesanso, kunatuluka malovu okhaokha. Kachitatu sikunatuluke kanthu, m'maso munangoda. Mdzukulu wina anayamba ndiye, anagwira pakamwa koma phwete linatulukira m'mphuno. Linafalikira. Amayi anabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka, apolisi amene anaima chilili analuma milomo, abusa anayamba kutsokomola m'Baibulo. Anthu anaseka, abale anga. Anaseka pa manda a Zuze, bokosi lili pazingwe, munthu amene anawabereka kumsana. Ndipo amene anawaseketsa ndine.

Ndinakuwa kuti mavu amanga chisa m'kati mwa lipenga. Wapolisi uja anali waulemu, sanaseke. Anati, "Tabweretsani, bambo, tione." Analigwedeza, analigogoda pachikhato, simunagwe ngakhale kadothi. Kenako analipukuta, analiika pakamwa, ndipo lipenga langa lomwelo linalira, linalira mokoma, motalika, moti amene ankaseka aja anayamba kulira, bokosi n'kumatsika bwinobwino. Ine ndinaima pambali manja ali lende, osadziwa powaika.

Pobwerera kusiwa sindinakhale ndi amuna anzanga. Ndinakabisala kuseri kwa khola la mbuzi, kumene kunali koyenera munthu woimba ngati ine. Ndinkafuna anthu achepe kuti ndizembe. Ndiye ndinamva mapazi. Anali mayi Fineza, atamanga nsalu yakuda kumutu, maso otupa, atanyamula mbale ya mpunga ndi nsomba. Namfedwa, kusiya siwa kudzafuna ine.

"Alamu, idyani."

Sindinathe kuwayang'ana. Ndinati, "Alamu, ndaseketsa anthu pa manda a amuna anu. Anandipempha chinthu chimodzi chokha moyo wake wonse."

Anakhala pansi pafupi nane, n'kuika mbale pamiyendo panga.

"Musadzizunze, alamu. Zuze sanamve kanthu, ngakhale mukanaimba bwino. Khutu lake lakumanja linafa kalekale, ndipo ankanena yekha kuti linaphedwa ndi lipenga lanulo. Inu simunadabwe kuti mukabwera kudzacheza ankakukhazikani kudzanja lamanja nthawi zonse?"

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika, n'kubwerera kusiwa.

Mwamva inu? Mwamva, inu akuseri kwa nkhafi? Si ine ndanena, wanena ndi mkazi wake, tsiku loika mwamuna wake, tsiku limene munthu sanganame. Lipenga la Alufandika linagonthetsa sajeni wa polisi! Ndani pa doko lino anagonthetsapo sajeni? Aimirire timuone!

Palibe. Ndinadziwa.

Koma mpunga uja sindinaumalize. Ndinakhala kuseri kwa khola kuja ndikuganiza. Zaka zonsezi, ndikasimba za ng'ona, za mvula yong'ambika, za mapira a kwa Katunga, aliyense amanditsutsa, ana anga omwe amadzuka n'kuchokapo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankakhala phee mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, akumwetulira, osanena kuti "wanama" ngakhale kamodzi. Ine ndinkati ndi mboni yanga. Kani ankanditchera khutu lakufa.

Ankadziwa kuti ndikufuna wondimvera, ndiye anandipatsa khutu limene likanatha kupirira. Tamukwirira nalo kwa Mbenje, ndipo kuno kwatsala makutu anu okhaokha, amene amamva zonse.