Mtembo wa Pawindo Unandilanda Mkazi

Anthu a ku Feira anandilanda mkazi chifukwa cha mzungu wakufa amene sanafe n'komwe. Ndikunena poyera, ndipo wofuna kukwiya akwiye, ine ndinayamba kale.

Inali nthawi ya nkhondo ya kutsidya, pamene ndege ikangolira kumwamba aliyense ankataya chimene wagwira n'kuthamangira kudzenje. Ine ndinali kalaliki pa boma, wotumizidwa kuchokera ku Chipata, mkazi wanga atamwalira kale. Maso anga anagwera pa Esinati, mayi wogulitsa nsomba zouma pamsika. Mwamuna wake anapalasa bwato m'mawa wina kukaonjola ukonde, osabwerako. Bwato silinaoneke, iyenso sanaoneke. Ena ankati asilikali, ena ankati mvuu. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino (musaganize kuti ndikuzemba), kungoti sindinaone kuti zikukhudzana bwanji ndi baisikopo. Nkhani yathu inali itafika pabwino: amalume ake, a Mpande, anali atalandira mawu anga n'kunena kuti adzayankha akandionetsetsa kuti ndine munthu wotani.

Ndiye kunabwera galimoto yoonetsa kanema wa zaulimi. Dalaivala wake anali Mulenga, Mbemba, amene tinkatukwanana naye mwachimbuya, chipongwe chamasewera cha pakati pa mitundu yathu, tikangokumana. Pansi pa mpando wake ankabisa filimu ina yachizungu imene ndinaionera ku Lusaka ndili pa kosi, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinati mwayi ndi umenewu. A Mpande akufuna kundiona? Andione nditaimirira kutsogolo, ndikumasulira Chingerezi cha Fomu Faifi.

“Iwe wodya anyani,” ndinatero, “mawa uike ija ya matelala.”

“Awe, ba mbewa,” anatero Mulenga, “ija si ya kuno. Tiyeni tiwaonetse ya feteleza, agone, tipite.”

“Anthu awa atopa ndi kulira. Asekeko.”

“Mukamasulira ndinu?”

“Nanga ndani? Iwe?”

Usiku kuyatsa nyali kunali koletsedwa, choncho tinaonetsa masana m'kalasi, mawindo titatchinga ndi mabulangeti. Amene anakhalako ku Feira mwezi wa Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Anthu anadzaza thothotho, fungo la thukuta ndi nsomba lili khoo. Esinati ndi a Mpande ndinawakhazika pa benchi yakutsogolo, ine n'kuima pambali pa chinsalu, chimkuzamawu m'manja, tayi m'khosi (tayiyo ndinabwereka).

Filimuyo nkhani yake ndi iyi, ndipo mudzaweruze nokha ngati si yoseketsa. Matelala awiri apachibale, opusa onse, akangana ndi mwini nyumba, ndipo wamng'onoyo amugogoda ndi nsimbi pamutu. Munthu uja wafa. Posowa komubisa, amuveka suti yatsopano, chipewa ndi magalasi akuda, n'kumuimika pawindo la sitolo ngati chidole choonetsera zovala. Ndiye malonda aja, amene anali atafa, ayamba kuyenda! Tauni yonse ikufuna suti yonga ya chidole chija.

Nsimbi itagwa pamutu, ndinaseka. Ndekha. Kumbuyo kunamveka mawu a gogo wina: “Kalanga ine! Uthenga apereka kwa abale?”

“Palibe uthenga, amayi, onerani,” ndinayankha.

Pamene ankamuveka suti, mtembo n'kumawagwera uku ndi uku, misozi inali ikutuluka m'maso mwanga ndi kuseka. Nditacheuka ndinaona amuna akuvula zipewa. Mmodzi, katekisiti wa ku Mburuma amene anayenda ulendo wonse uja wapansi kuti adzandionongere tsiku, anafunsa mokweza ngati amusambitsa asanamuveke.

“Bambo, iyi ndi nthabwala,” ndinatero pa chimkuzamawu. “Azungu amaseka apa.”

“Amaseka maliro?”

“Si maliro, ndi filimu!”

“Nanga wafayo si munthu?”

“Sanafe! Akungochita!”

“Ndiye mwatiuziranji kuti wafa?”

Taonani mtundu wa anthu amene ndinkalimbana nawo. Munthu ukawauza kuti wafa, alira. Ukawauza kuti sanafe, akuti ndiwe wabodza. Pamenepa mutu unali utayamba kale kutentha, ndipo amene amandidziwa amadziwa kuti wanga ukatentha sufunsa kaye.

Kenako m'filimumo munatulukira mkazi wa womwalirayo. Ameneyu ndinali nditamuiwaliratu, chifukwa ku Lusaka palibe amene ankamuganizira. Kamayi kochepa thupi, kachikwama m'manja, kakuyenda khomo ndi khomo kufunsa mwamuna wake. Kupolisi akumuuza kuti mwina wathawa ndi mtsikana. Ndipo tsiku lililonse pobwerera kwawo amaima pawindo paja, n'kuyang'ana chidole, n'kunena kuti suti imeneyo ingamukhale bwino mwamuna wake akadzabwera. Apa ndiye pamene pali mchere wonse wa filimuyo. Ndinamasulira ndi mawu a chikazi, n'kuwonjezerako ndi kayendedwe.

Palibe anaseka. Jenereta yokha ndiyo inkamveka panja.

Kamayi kaja kataimanso pawindo, a Mpande anadzuka. Munthu wamkulu, wa imvi, amene ndinkamuyesa wanzeru.

“Mayi! Ndi yemweyo! Muvuleni magalasi!”

Basi, anawatsegulira njira anzake. Kalasi yonse inayamba kukuwa. “Ndi yemweyo, mayi!” “Osachoka!” “Lowani m'sitolo!” Wina anagenda telala wamkulu ndi chitsononkho, chinsalu n'kugwedera. Amayi a kumbuyo anayambitsa nyimbo ya maliro, katekisiti n'kuilandira ndi besi. Ine ndikukuwa kuti khalani pansi, mkaziyo sakukumvani, ali pa nsalu, koma ndani andimvere?

Pamenepo Esinati anadzuka. Sanakuwe iye. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pachinsalu, kuwala kwa makina kuli pamsana pake, n'kuika chala pa nkhope ya chidole chija, akuyang'ana kamayi kaja ngati mnzake wa pamsika amene akumuonetsa njira.

Munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Ine ndinakweza chimkuzamawu.

“Esinati, choka apo, ukutchinga! Akamupeza filimu yatha! Kukoma kwake n'kwakuti asamupeze!”

Nyimbo inaduka pakati. Mulenga, amene filimu imeneyi anaionera kambirimbiri ndipo nthawi zonse ankaseka mpaka kugwa pa mpando, anazimitsa makina, n'kuvula kapusi yake, n'kuweramitsa mutu ngati ali kumanda. Njoka ya munthu! Anthu anatuluka mmodzimmodzi osandiyang'ana. Gogo uja yekha ndiye anaima pakhomo n'kundifunsa kuti maliro aikidwa liti. A Mpande anangoti, “A kalaliki, takuonani.”

Nkhani ikanathera pomwepo mwina ikanakonzeka. Mulenga anandilangiza kuti ndikhale chete sabata ingapo, kenako nditume munthu wamkulu akapepese. Koma ine malangizo a Mbemba? Ndinaona kuti vuto lonse linali lakuti anthu sanaone mapeto. Kutacha ndinapita ndekha kumsika. Esinati anali akuyala nsomba pa thumba, amayi anzake atakhala uku ndi uku, makutu ali tcheru.

“Mayi Esinati,” ndinatero mwaulemu wonse, “dzulo munakhumudwa pachabe. Mkazi uja mapeto ake ndi abwino.”

Anasiya nsomba. “Anamupeza?”

“Ayi, kumupeza sanamupeze. Koma anakwatiwa.”

“Ndi ndani?”

“Ndi telala wamkulu uja. Ukwati wa mtchalitchi. Mkwati anavala suti yomwe ija.”

Ndikulumbira, ndinkayesetsa kuti ndisaseke. Koma nditakumbukira mkwati akuyenda ndi suti yothina m'khwapa, mng'ono wake akumupemerera mafuta onunkhira kumbuyo, chinachake chinatuluka m'mphuno mwanga. Kaphokoso kochepa chabe. Mayi wina wogulitsa masau anagwira pakamwa.

Esinati anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kumutu.

“A kalaliki, ndiye inu munaonera zonsezi ku Lusaka, mpaka mapeto, n'kubwera kuno kudzafunsira ine?”

“N'zosiyana zimenezo, mayi.”

“Ine ndimapita kudooko m'mawa uliwonse ndisanabwere kuno. Mumadziwa?”

Sindinkadziwa. Ndinati ndimadziwa.

“Ndiye muzibwera mudzaonere,” anatero. “N'zaulere. Simufunikanso kumasulira.”

Anaweramira nsomba zake. Madzulo ake mawu anga anabwezedwa kudzera mwa katekisiti yemwe uja, amene anawonjezerapo ulaliki wake wosapemphedwa.

Mpaka lero ndikunenabe kuti filimu ija inali yabwino, ndipo anthu amene amagenda chinsalu ndi chitsononkho sayenera kuonetsedwa china choposa feteleza. Pamenepo sindisuntha. Esinati anadzakwatiwa nkhondo itatha ndi msodzi wina wa ku Kavalamanja, munthu amene sindinamuonepo mano ake chibadwire, ndipo akuti amamuperekeza kudooko. Chimene ndinaphunzira n'chimodzi: mkazi ukamufuna, muonetse nyumba, muonetse munda, ngakhale ngongole zako muonetse, koma chimene chimakuseketsa ubise mpaka akuluakulu atavomera. Kudooko kuja ndinapitako m'mawa wina, ndinaima patali kuseri kwa mtengo. Sindinakhalitse. Kunalibe choseketsa, ndipo ine zinthu zotero zimandikwiyitsa.