Matabuleti Obwereka

Lolemba

Matabuleti ali m'kalasi mwanga, koma ndi obwereka. Ba Hedi anena mosabisa: Lachisanu kukubwera amayi a ku ofesi ya maphunziro kudzaona ngati akutithandiza. Akapanda kukhutira, matabuleti apita kusukulu ina ku Kabulonga, kwa ana amene ali nawo kale kunyumba. Ine zimenezo ayi! Ndapanga mayeso a masamu oti mwana azikoka zinthu ndi chala pagalasi, makina n'kumachonga okha. Funso loyamba: uli pamsika, ika tomato asanu m'pulasitiki ya kasitomala. Tomato wake wofiira psuu, ndajambula ndekha. Kudzitama n'koipa, koma apa ndaigwira ntchito.

Lachiwiri

Kalasi yonse yalakwa. Yonse! Pafupifupi aliyense waika asanu ndi mmodzi. Ndikufunsa Mutinta, amene amayi ake amagulitsa kumsika wa Soweto. "Ba ticha, imodzi ni mbasela. Ngati simuikilako, kasitoma sabwelanso." Chanda wawonjezera awiri, akuti kasitomala wapagalasiyo akuoneka wovutika. Makina sadziwa chifundo, alemba ziro mpaka pansi. Tomato ndachotsa.

Lachitatu

Kuchulukitsa. Minibasi ya ku Chelstone, mizere inayi, mipando itatu itatu. Kweza anthu, unene alowa angati. Khumi ndi awiri, nayo mbuzi ingayankhe. Zimene ndapeza:

- anayi anayi pamzere, ati ndi mmene amakhalira;
- ana pamiyendo, osawerengedwa;
- wina walendewera pakhomo, ndiye kondakitala;
- Chanda wakana kudina batani lomaliza, akuti basi sinadzaze, singanyamuke.

Mutu ukuwawa. Matabuleti ndikuwaona ngati alendo otsanzika.

Lachinayi

Kugawa. Zidutswa zisanu ndi zitatu za nkhuku, anthu anayi. Koma chinandituma n'chiyani kujambula nkhope? Bambo, mayi, ana awiri. Bambo alandira zinayi pa tabuleti iliyonse. Mutinta wabisa ziwiri pakona yagalasi, akuti alendo sachenjeza. Ndakalipa mpaka mawu kusasa: gawani mofanana! Wina kumbuyo: "Ba ticha, mwana adye monga ba dadi? Kwanu ni kuti?" Kalasi yonse kuseka.

Chabwino. Ataweruka ndafufuta zonse. Nkhuku kulibe, basi kulibe, nkhope kulibe. Kwatsala timadontho totuwa, topanda bambo, topanda kasitomala. Tiona mawa amene amvere timadontho chisoni.

Lachisanu

Amayi aja afika, magalasi pamphuno. Ana akukoka timadontho, zii. Makina akuchonga: wakhoza, wakhoza, wakhoza. Ndi Chanda yemwe! Mtima wanga ukuvina, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa.

Amayiwo asuzumira tabuleti ya Mutinta, aitembenuza, aibweza. "Bana banu ni banzelu, ba ticha. Koma utu tumadontho sitisiyana na totsekela mabotolo. Apa tabuleti siifunika."

Ba Hedi akuvomereza ndi mutu ngati akhala akuganiza zomwezo sabata yonse. Ndikufuna kuonetsa tomato wanga, minibasi yanga, koma zonse ndinafufuta ndi chala changa chomwechi. Matabuleti m'katoni, katoni m'galimoto. Ana akubayibitsa pazenera, osadziwa kuti matabuleti apita chifukwa cha kukhoza kwawo. Ndalowa m'chipinda chosungira mabuku kukalira pang'ono.

Loweruka

Sindidzuka. Zovala zidzichape zokha. Foni ikulira, Ba Hedi: maganizo a amayi aja awasangalatsa kwambiri, ndiye Lolemba ndibwere ndi zitsekerero za mabotolo zokwanira kalasi yonse. Awonjeza kuti ndine mphunzitsi waluso. Luso limeneli andichotsere! Nyumba yonse ndapezamo zinayi, china chopindika.

Lamulungu

Potuluka kutchalitchi ndadzera kuseri kwa bala ya kwathu ku Kabwata, ndili m'chitenje cha chigwirizano cha amayi. Kuno ndiye zitsekerero zili mbwee. Ndawerama, ndikutola, thumba likulira ngwerengwere. Zoona sizifuna magetsi, sizisweka, ndipo palibe adzazitengere ku Kabulonga. Basi, ndi zomwezi.

Nsapato zopolisha zaima patsogolo panga. Akulu a mpingo! Ayang'ana thumba, ayang'ana ine, ayang'ana chitseko cha bala.

"Ba ticha, zonse izi ni zanu? Tizakupemphelelani."

Apemphere ndithu, koma asunthe phazi. Aponda zitatu.