Bondo la Abambo pa Sipika

Anzanga, mwandifunsa kokwanira za nyimbo ija ndinkalonjeza kukutumizirani. Lekani ndikuuzeni zimene zinachitika, mwina mundisiya.

Mlongo wanga Yamikani, amene anatisiya chaka chatha, ankaimba nyimbo zolemera zija za magitala okalipa ndi mawu okhadzula kukhosi. Kwathu ku Biriwiri palibe ankazifuna. Amayi ankati ndi phokoso la ziwanda, abambo ankangonyamuka n'kupita kudimba. Sindiwaimba mlandu, munthu wokulira m'kwaya ya kutchalitchi ungamuuze bwanji kuti kukuwa n'kuimba? Koma naye Yamikani luso anali nalo, ndipo anapita osamvapo kholo lake likunena kuti mwana wanga apa wakhoza. Ndiye nditapeza nyimbo yake yomaliza mu laputopu, yojambula kale koma yosasakaniza, ndinati ndiimalize ine, ilire tsiku lovundukula chiliza chake, makolo amve kamodzi kokha zimene mwana wawo ankatha. Maganizo abwinobwino, si choncho?

Magitala ndi mawu zinali bwino. Vuto linali ng'oma ziwiri: kiki, yaikulu yoponda ndi phazi ija, ndi sineya, yaing'ono yolira kuti tcha. Zinkamveka ngati mkamwini akugogoda kwa apongozi. M'kope lake iye analemba kuti, "Kiki igunde pachifuwa, sineya ithyole khosi." Ine ndi digiri yanga ya sayansi ndinati aa, izi n'zochepa.

Ndinawerenga kuti akatswiri amasanjikiza kulira kwina pamwamba pa ng'oma kuti inenepe. Apa m'pamene nzeru zinandipitirira. Abambo ndi Mngoni wovina ngoma, ndipo pa ngoma ng'oma yake ndi phazi. Bwanji osawalowetsa m'nyimbo ya mwana wawo? Ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya mbatata.

"Ababa, tandipondereni pansi kamodzi, ngati pa ngoma paja."

"Iwe Nangozo, bondo ili linatsala ku migodi ya ku Joni. Ukufuna undiphe?"

"Kamodzi kokha, ababa."

Anavala nkhope ya nkhondo, n'kukweza mwendo, dii! Fumbi koboo. Kenako chapansipansi, "Mayo ine!" Ndinajambula zonse. Kubuulako ndinakumva ndithu, ndinati ndikadula pa laputopu. Chishango chawo cha chikopa ndinachimenya ndekha ndi chibonga, n'kuphatikiza ku sineya. Chimenecho chokha ndiye chinayenda bwino, ndisadzinamizire kuipa konse.

Kudula kuja ndinaiwala. Phazi la abambo ndinalimata pothera mzere uliwonse wa nyimbo, ndi mchira wake womwe. Kenako ndinaliika mu kompuresa, chida chimene chimapanikiza mawu aakulu n'kukweza aang'ono, ndipo ndinapotokola mpaka pothera poganiza kuti zambiri ndiye zabwino. Sindinadziwe kuti dii uja ndamuphwanya, ndakweza kubuula. Ndikanamva bwanji, magitala ndi kiki zikubangula pamwamba pake?

Cholakwa chachikulu chinabwera pomaliza. Pofuna kuti kiki itambasuke, ndinaikopera kawiri, ina kukhutu lakumanzere ina lakumanja, ndiye pali kabatani kena kotembenuza funde la mawu chadodolido, ndinakadina pa imodzi. Mu mahedifoni, anzanga inu! Mutu wanga unakula ngati dambo. Ndinachita chimodzimodzi ku sineya. Kukoma kutandilowa ndinachitanso ku magitala onse. Zimene sindinakhudze ndi ziwiri zokha, mawu a Yamikani ndi phazi la abambo. Masabata atatu ndikumvera mu mahedifoni, osayesako pa sipika ngakhale tsiku limodzi, poopa kuti amayi angamve msanga.

Tsiku linafika. Tinachokera kumanda dzuwa lili pamutu, anthu anakhala pabwalo, abusa, azakhali, amayi a kumpingo, anzake a malemu. Ndinaimirira n'kulankhula kuti mumve ng'oma zimene mlongo wanga ankazilota. Bambo wa ku Lizulu amene anatibwereka zokuzira mawu analandira laputopu n'kunena mosalabadira, "Achemwali, sipika yabwera imodzi, ina inapsa. Mbali zonse ziwiri ndaziphatikiza muno."

Apo m'pamene ndinakumbukira. Mafunde awiri ofanana, lina likukwera pamene lina likutsika, akakumana amafafanizana. Ine ndimaphunzitsa zimenezi ku Folomu 3! Ndimachotsera ana a eni malikisi akaiwala! Ndisanatsegule pakamwa, bambo uja anali atadina kale.

Kiki kunalibe. Sineya kunalibe. Magitala anangotsala kampweya ngati wailesi yakutha mabatire. Pabwalo ponse panamveka Yamikani yekha akukuwa ndi khosi lonse, ndipo akangomaliza mzere, kaphazi kakuti phu, kenako abambo momveka bwino ngati ali pa guwa: "Mayo ine!" Yamikani kukuwa, abambo "Mayo ine!" Yamikani kukuwa, abambo "Mayo ine!" Osaphonya, osatopa, mpaka nyimbo yonse.

Anzake a malemu anaweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira, mwina zonse. Amayi a kumpingo sanafunse zambiri, anangoyamba maliro atsopano. Azakhali anatembenukira abambo misozi ili mbwembwembwe: "Achimwene, munalira liti chonchi ife osadziwa?" Abambo anangoyang'ana bondo lawo. Ine chiimire patsogolo ngati mfiti yocheredwa, kuzimitsa ndikuopa, kusiya ndikuopa.

Anthu atabalalika abambo anandiitana kuseri kwa nkhokwe.

"Nangozo, pa maliro a mwana wanga sindinagwetse msozi, anthu anati ndine mwamuna. Lero wandiliritsa pamaso pa mudzi wonse, chifukwa cha bondo."

"Pepani ababa, ndinalakwitsa posakaniza."

Anasisita bondo lija. "Koma mnyamata uja chifuwa anali nacho. Mawu amene aja akanatsogolera ngoma. Bwanji sindinawamve ali moyo?"

Ndikanawayankha chiyani, kuti ankaphimbidwa ndi ng'oma zomwe ine ndinkafuna kukulitsazo? Mpaka lero ndikulephera kugamula. Mbali ina, mawu amene Yamikani anawadikira moyo wake wonse ananenedwa. Mbali inayi, ananenedwa pa nyimbo imene mwini wake akanaimva akanandiponyera laputopu kumaso, ndipo ananenedwa mochedwa, kuseri kwa nkhokwe, kwa ine.

Tili chomwecho anatulukira amayi, maso ali psuu, n'kundigwira dzanja.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Masabata onse aja unkadzitsekera m'chipinda, ine kumadandaula. Kani unkachotsa phokoso lija!"

Ndinangoti zikomo amayi.

Ndiye nyimboyo musaiyembekezere. Kuyambira pano chilichonse chotuluka m'manja mwanga chiziyamba chalira pa sipika imodzi, kabatani kotembenuza kaja ndakamata pulasitala m'maganizo, ndipo munthu wa bondo la ku Joni akadzati "ukufuna undiphe," ndidzamusiya asankhe mbatata zake mumtendere.